Wagoni ya Ankhoswe

Dokotala anamasula lamba woyezera BP pamkono pa mkazi wanga, nayang'ana ine m'malo moyang'ana mwini mkono. Anati magazi akuthamanga kwambiri. Anati kuyambira tsiku limenelo mayiyu azibwera ku sikelo pafupipafupi, ndipo akadzangomva mutu kuwawa modabwitsa, kapena maso akadzayamba kuona tinyenyezi masanasana, tisadzayambe taphika tiyi, tidzathamangire kuchipatala. Kenako anafunsa ngati tili ndi galimoto yodalirika. Ine ndinati tili nayo. Mkazi wanga anatsokomola.

Kukhala nayo tinali nayo. Kanali kagalimoto kobiriwira, kopepuka moti ndikayetsemula ndili pa chiwongolero kankasamukira mbali ina ya msewu. Amene akuti ndikunama akafunse apolisi a ku South Bend kuno ku America, ankandidziwira chimfine. Nthawi yotentha kankayenda bwinobwino. Koma mwana wathu woyamba ankayembekezeka kumapeto kwa Januwale, ndipo Januwale wa ku South Bend ndi mlandu. Mphepo imatunga chinyezi pa nyanja ya Michigan n'kudzatikhuthulira ife sinowo ngati ndife tinaituma. Chaka chapitacho neba wanga anafukula galimoto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Atamaliza, m'nyumba yoyandikana munatuluka mzungu wina, anathokoza, nalowamo n'kumapita. Ndinaona ndi maso angawa. Kagalimoto kathu nako chaka chomwecho kanavina pamphambano, kanazungulira n'kukaima koyang'ana kumene ndinachokera, ine n'kungobwerera kunyumba poti kanali katasankha kale.

Choncho ndinayamba kusaka wagoni, galimoto yaitali kumbuyo ija, yokoka ndi matayala onse anayi. Yatsopano sinali ya msinkhu wathu. Ine ndinkagwira ntchito m'khitchini ya pa yunivesite, mkazi wanga ankasamalira okalamba. Nthawi yopuma, anzanga akamasuta, ndinkakhala pa kireti kuseri kwa khitchini n'kumawerenga pa foni zolemba za azungu okonda mawagoni amenewa. Anthu amenewo amalemba za magalimoto awo monga ife timalembera mbiri ya malemu. Kwa iwo ndinaphunzira kuti mtundu umodzi womwewo wa galimoto uli ndi zaka zabwino ndi zaka zoipa, ngati mvula. Pali zaka zimene gasiketi ya pamutu pa injini imabooka. Madzi oziziritsa amayamba kuthawa, injini imatentha, tsiku lina n'kukusiya pamsewu ikufuka ngati uvuni wa njerwa. Pambuyo pake pali zaka zingapo zamtendere, kenako pamabweranso zina zimene injini imamwa oyilo ngati thobwa la pa ukwati. Zaka zonsezo ndinaziloweza kuposa katekisimu. Ndinalowezanso lamulo lalikulu, lakuti galimoto yakale uipeze itagona osalizidwa, ndipo uilize wekha. Injini yozizira sinama. Ikangotentha imadziwa kubisa matenda ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

Zinthu zinasokonekera pa foni. Mkazi wanga anauza amayi ena achimalawi a ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, kuti tikufuna galimoto, amayiwo anauza amuna awo, ndipo amuna awowo ndi ankhoswe a mkazi wanga. Pamene tinkakwatirana ku Indianapolis, amalume ake enieni a ku Ntcheu anakanizidwa viza, ndiye abambowa ndi amene anaimirira m'malo mwawo. Ndi iwo anandipatsa mkazi, ndi iwonso amasunga manambala a foni a mtundu wonse wa kuchikazi. Ine nditangofika kumene m'dziko lino ndinagona pa sofa yawo mpaka sofayo inatengera msana wanga, ndipo mpaka lero mlendo akakhalapo amapendekera kumanzere.

Anandiimbira ndili pa kireti paja.

"Mwana wanga, ndamva mukuvutika kusaka galimoto kwa anthu osawadziwa. Kodi ine ndinamwalira?"

"Ayi, abambo, muli moyo."

"Wagoni yanga ija ikungokhala. Mayi ako akuti magalimoto awiri achuluka pakhomo pano. Bwerani Loweruka mudzatenge. Za mtengo tidzakamba ngati anthu a banja limodzi."

"Zikomo kwambiri, abambo. Kodi ija ndi ya chaka chanji?"

"Ndinagula chaka chimene mlongo wako wamkulu anamaliza koleji."

Ankanena mwana wawo woyamba. Kwathu zaka za galimoto timaziwerenga kuyambira tsiku limene inalowa pakhomo pako. Zimene inachita isanakudziwe ndi nkhani ya eni ake akale. Kufunsanso kachiwiri kukanakhala ngati kupempha munthu wamkulu kuti ayasamule uwerenge mano. Ndinangothokozanso. Ndipo chifukwa chenicheni chimene ndinkafunsira sindikanachitchula. Mimba inali itakula moti inkafika m'chipinda mwini wake akadali pakhonde, koma pamaso pa abambowa kunalibe mimba. Mwamuna wamkulu sumuuza zoterozo. Amadzangomva kuti kwabwera mlendo, n'kudabwa mwaulemu. Za BP tinali tisanauze ngakhale amayi, kuopa kuti nkhani ikafika ku Ntcheu anthu ayamba kulira munthu wamoyo.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, mu Disembala. Sinowo anali asanayambe kwenikweni, minda yokololedwa inali gwa ndi chisanu mbali zonse za msewu. Titadutsa Kokomo mkazi wanga anaimbira amayi kuti tayandikira, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mukaione bwinobwino galimotoyo. Ine sindikufuna kudzachirira m'mbali mwa msewu."

"Ndikaiona."

"Koma musakawachititse manyazi abambo. Musakayambe zanu zija zosuzumira kunsi kwa galimoto ngati mwataya mphete."

"Ndiye ndikaione bwanji?"

"Inu si paja mumati ndinu ochenjera?"

Ndinali ndi chiyembekezo chimodzi. Anati wagoni ikungokhala, ndiye kuti ndikaipeza yozizira. Ndikailiza ndekha, ndikaima kumbuyo ngati ndikusirira penti, n'kuona utsi. Ukakhala woyera, wochuluka, wosatha msanga, ndikadziwa, ndipo bodza laulemu ndikalipeza pomwepo.

Titakhotera mumsewu wawo ku Beech Grove ndinaiona patali. Inali panja pa galaja, yotsukidwa, ikunyezimira, ikulira. Abambo anali ataima pambali pake atavala jekete la kutchalitchi ndi chipewa chaubweya.

"Ndailiza mutangoimba foni ija," anatero titatha kulonjerana. "Ndati mwana wangayu asalowe m'galimoto yozizira. Injini nayo ndinaitsukitsa dzulo kuti muione ili yoyera."

Umboni wonse unali utapita ndi sopo, ndipo anachita zimenezo chifukwa chotikonda. Ndinathokoza ndikuwomba m'manja.

M'nyumba tinalonjerananso, poti malonje a panja sawerengedwa. Amayi anatikonzera mpunga ndi nkhuku. Tinafunsidwa za Mmalawi aliyense wa ku South Bend, mmodzimmodzi, mpaka amene anasamuka kalekale. Mkazi wanga ankadya pang'onopang'ono, ine n'kumati ndi ulemu. Pakati pa chakudya ndinanena kuti ndaiwala foni m'kagalimoto kathu. Ndinatuluka, ndinatsegula chitseko cha dalaivala cha wagoni ija, n'kugwada. Pa felemu ya chitseko chimenecho pamakhala kapepala komata kolembedwa mwezi ndi chaka chimene galimoto inapangidwa. Ndinakapukuta ndi chala. Chaka chake chinali pakatikati penipeni pa zaka zoipa. Azungu a pa foni aja chaka chimenecho amachilemba motsitsa mawu.

"Ukupemphera?"

Abambo anali kumbuyo kwanga, chotokosera m'mano chili pakamwa.

"Ndikumanga nsapato, abambo."

Tonse awiri tinayang'ana nsapato zanga. Zinali zongolowetsa, zopanda zingwe.

"Manga bwinobwino," anatero.

Ndinapempha kuti ndisirire injini. Boneti anatsegula okha. Inali yoyera moti ukanadyerapo. Ndinkafuna kuchotsa chotsekera cha oyilo kuti ndione ngati kunsi kwake kuli phala loyererako ngati tiyi wamkaka, chizindikiro chakuti madzi alowa kosayenera. Nditangotambasula dzanja anati, "Upsa. Komanso oyilo ndatchenjitsa mwezi womwe uno. Ukukayika?"

"Ayi, ayi, abambo, zikomo."

Dzanjalo ndinalibweza n'kukanda nalo m'mutu. Mphuno yokha ndi imene inagwira ntchito popanda chilolezo. Pansi pa fungo la sopo panali kafungo kena kotsekemera, ngati shuga wopserera.

"Tiyeni tikaitesite," anatero. "Tonse. Mayi, tengani chikhothi. Mwana wanga, khala kumbuyo ndi mayi ako, kuli malo ngati m'basi," anauza mkazi wanga.

Ndinayang'ana mkazi wanga kuti akane. Iye anayang'ana pansi n'kulowa.

Ndinakhala pa chiwongolero, abambo pambali panga. Ine ndinkafuna kungozungulira timisewu ta m'Beech Grove, koma abambo anati mphamvu za galimoto imeneyi zimaoneka pa haiwe. Tinalowa mumsewu waukulu wozungulira Indianapolis, pakati pa mathiraki. Kunena zoona inkayenda bwino, inkagwira phula ngati nalimata pakhoma. Ndinayamba kudziuza kuti mwina iyi ndi imodzi mwa zopulumuka, poti ngakhale chaka cha njala pamakhala munda umodzi wobereka. Kenako kamuvi koonetsa kutentha kwa injini, kamene kanali pakati, kanasuntha. Pang'ono chabe, ngati munthu akukonza kakhalidwe pa benchi. Kanasunthanso.

Abambo, akupitiriza nkhani ya msonkhano wa madikoni, anatambasula dzanja napotoza hita mpaka kumapeto, fani nayonso mpaka kumapeto. Sanayang'ane n'komwe, dzanja linkadziwa lokha njira. Ndinazindikira pomwepo, poti zimenezo ndinali nditaziwerenga. Hita imaba kutentha kwa injini n'kukuthira m'kati mwa galimoto, ndipo umo ndi mmene anthu amanyengerera injini yodwala kuti iwafikitse kunyumba.

M'galimoto munasanduka Nsanje mu Okutobala. Siwiti imene inali m'thumba la malaya anga inasungunuka n'kundimatira nsalu pachifuwa. Malayawo ndikadali nawo, wokayika abwere adzanyambite.

"Abambo, nditsitse galasi pang'ono?"

"Iyayi, mphepo ya kuno imadwalitsa. Mwanayu angatenge chibayo."

"Kamuvi aka kakuoneka ngati kakukwera."

"Kamatero. Kakatopa kamatsika kokha. Yang'ana kutsogolo."

Ndinayang'ana pa galasi loonera kumbuyo. Mkazi wanga anali atatseka maso. Thukuta linkatsika m'masaya, ndipo zala ziwiri anali atazikanikiza pachipumi, pamwamba pa diso.

"Kumbuyoko muli bwanji?"

"Tili bwino," anayankha amayi. "Yofunda bwino galimoto imeneyi."



Kumanja kwanga kunali thiraki yaitali ngati ulaliki wa mlendo, kumanzere khoma la simenti. Potulukira panali patali. Kamuvi kanali katakhudza pofiira. Manja anga ankaterera pa chiwongolero. Ndinaitana mkazi wanga ndi dzina lake la paubwana, limene sinditchula pamaso pa akuluakulu. Anatsegula maso koma sanandipeze pagalasi. Ankayang'ana m'mwamba, uku ndi uku, ngati akutsata ntchentche.

"Muli ziphaniphani m'galimoto muno," anatero.

Masanasana, mu Disembala. Ndinayatsa indiketa n'kudula kutsogolo kwa thiraki ija. Dalaivala wake analiza hutala imene mpaka pano ikadali m'khutu langa lakumanja. Ndinatsika potulukira poyamba n'kukaima pabwalo la sitolo ina yotsekedwa. Nditangozimitsa, nthunzi inatuluka m'mbali zonse za boneti, ndipo madzi obiriwira anayamba kuyenda pa phula kulowera ku ngalande.

Abambo anatsika mosatekeseka. Anatsegula buti nakweza kapeti. Mozungulira tayala la sipeya munali zigubu za madzi a rediyeta, zondandalikidwa bwino ngati kwaya.

"Imangofuna kumwa, ngati munthu," anatero. "Tidikire ipole, tithire, tizipita. Zaka zonsezi sinandigonekepo pamsewu."

Sankabisa kanthu. Nkhope yawo inali ya munthu amene akukuonetsa kumene amasunga jeke. Kwa iwo galimoto yokalamba imamwa madzi monga nkhalamba imamwera mapilisi, ndipo kamwetsedwe kake akanandiphunzitsa pondipatsa kiyi.

Mkazi wanga anali atatsegula chitseko, miyendo panja, mutu m'manja. Amayi ankamukupiza ndi mpango. Ndinanjuta patsogolo pake.

"Mutu?"

"Ukung'ambika."

"Wayamba liti?"

"Tikudya muja. Ndimati upola. Musapange phokoso inu, abambo angaone ngati galimoto yawo..."

Ndinatulutsa foni n'kuyamba kuimba nambala ya ambulansi. Abambo anandigwira dzanja.

"Ukutani? Ambulansi ya chiyani? Ndi kutentha chabe. Ipole tipite kunyumba, mayi ako amupatse mankhwala a mutu, agone pang'ono."

"Ayi, abambo."

Mawu amenewo ndinali ndisanawalankhulepo kwa iwo chonchi, okhaokha, opanda zikomo kutsogolo kapena kumbuyo. Ngakhale nthunzi ija inayamba yaima kaye.

"Mwana wanuyu ali ndi pakati, mwezi wachisanu ndi chitatu. BP yake ndi yokwera. Dokotala anati mutu ukadzawawa chonchi tisadzadikire. Galimoto iyi ndi ya chaka choipa, gasiketi inapita kale, simufikitsa kulikonse, lero kapena mu Januwale. Sindiitenga. Ndisiyeni dzanja."

Amayi anagwira pakamwa. Sindikudziwa chimene chinawaopsa kwambiri, BP kapena kuti ndatchula mimba pamaso pa amuna awo. Abambo anandisiya. Anayang'ana mkazi wanga, ndipo ndikhulupirira kanali koyamba miyezi yonseyo kuti maso awo atsike kupitirira pakhosi pake. Anavula jekete lija namufunditsa, poti thukuta linali litayamba kumuzizirira pathupi. Mayi woyankha foni atafunsa kuti tili pati, ine ndinayang'ana uku ndi uku osadziwa. Abambo analanda foni, natchula msewu ndi mphambano m'Chingerezi cha mu ofesi, nabwereza. Kenako anakaima m'mphepete mwa msewu ndi malaya okha, akukupiza chipewa kuti ambulansi isatiphonye.

Ku chipatala cha m'katikati mwa Indianapolis anamuika diripu mofulumira. Ndinaona manambala a BP pa makina, ndinaonanso nkhope ya namwino powaona. Anayesa mankhwala, manambala osatsika. Dzuwa likupendeka dokotala anabwera n'kunena kuti sadikiranso, mwana atuluke lero lomwe, ndi opaleshoni. Mkazi wanga anandigwira chala pamene ankamukankha pa bedi lamatayala, zitseko zinatsekeka, ndipo ine ndinatsala m'kholido ndi nsapato zake m'manja.

Abambo ndi amayi anali atafika pa takisi. Amayi anapita pakona kukapemphera. Abambo anakhala pambali panga, chipewa chili pabondo. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Bwanji sunandiuze?"

"Zinthu zimenezi sitiuza abambo."

"Kumudzi sitiuza chifukwa kumakhala azakhali, anamkungwi, mudzi wonse wa azimayi woti udziwe. Kuno mtundu wake wonse ndi ine ndi mayi akowa. Ukabisira ife wabisira Ntcheu yense."

Ndinayang'ana nsapato zija.

"Nanga chaka choipa n'chiyani? Galimoto imakhala ndi chaka choipa ngati fodya?"

Ndinawafotokozera zonse, za gasiketi, za utsi woyera, za injini yozizira. Ndinalankhula kwambiri, chifukwa ndikasiya kulankhula maso ankabwerera ku zitseko zija. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuthirira dimba," anatero.

Chitseko chikangotseguka tonse tinkaimirira. Tinaimirira mayi wokolopa. Tinaimirira bambo wokankha zakudya za odwala. Tinaimirira mzungu wina wosochera, amene anatiweramira mobwezera ulemu. Dokotala weniweni atatuluka, anatipeza tili chikhalire. Anati mayi ali bwino, akhala akuyang'aniridwa masiku angapo mpaka BP itakhazikika. Anati mwana ndi wamkazi, wochepa thupi koma waukali. Anati tinachita bwino kusadikira, ndipo sananene zambiri kuposa pamenepo. Amayi analuluta, mlonda n'kubwera akuthamanga. Abambo anatsetsereka pa mpando nakhala pansi penipeni, miyendo tambalale, munthu wa madikoni.

Mwanayo ndinamuona m'kabokosi kagalasi. Anali wochepa moti akanakwana m'chipewa cha abambo n'kutsala malo a mnzake. Ndinkafuna kutsimikiza, namwino anandiletsa.

Mkazi wanga anatuluka msanga n'kukakhala kwa amayi, koma mwana anakhala m'kabokosi kaja mpaka chaka chatsopano chitalowa. Ine ndinkayenda pakati pa ntchito ndi Beech Grove, ndipo masiku amene ndinali kumeneko, m'mawa tisanapite kuchipatala, abambo ankanditenga pa galimoto ya amayi kukaona mawagoni. Abambo ankaimbira okha foni ogulitsawo dzulo lake.

"Musailize. Mukailiza sitibwera. Ndikadziwa, ndili ndi manja."

Tikafika, asanapereke n'komwe moni, ankaika chikhatho pa boneti ngati akumva kutentha kwa mwana wodwala malungo. Ina tinaikana chifukwa inali yofunda, mwini wake akulumbira kuti ndi dzuwa, kumwamba kuli mitambo yokhayokha. Ina inali ya zaka zomwa oyilo zija. Ina inali ya chaka chabwino, koma tayala limodzi linali latsopano pakati pa atatu akutha, ndipo galimoto yokoka ndi onse anayi imadwala matayala akasiyana msinkhu. Ina kunsi kwake mchere wa m'misewu unali utadya moti abambo atagogoda ndi kiyi, chidutswa cha galimoto chinagwa pansi. Anachitola, nachipereka kwa mwini wake ndi manja awiri.

Tinaipeza kwa mayi wina wachizungu wopuma ntchito yauphunzitsi. Inali ya zaka zamtendere, itagona panja, chisanu chili mbuu pa galasi. Ndinailiza ndekha. Abambo anaima kumbuyo, mphuno pafupi ndi ekizozi, nthawi yaitali moti mayiyo anafunsa ngati akudwala. Kanthunzi kochepa kanatuluka n'kutha. Tinapita nayo kwa makaniko, nayenso anaikweza, anaisuzumira, n'kugwedeza mutu movomera. Pokamba mtengo abambo anayambira nkhani ku Ntcheu, nadutsa pa viza, pa ukwati, pa haiwe, ndipo asanafike pa opaleshoni mayiyo anatsitsa yekha kuti akadye chakudya chamasana. Wagoni yawo yakale anagulitsa kwa ophwasula, zigubu n'kuwapatsa ulere. Kagalimoto kathu kanapita kwa mtsikana wina wa kutchalitchi kwawo amene ankangoyenda pafupi.

Tsiku lobwerera ku South Bend, mwana tinamumanga pa kampando kake kumbuyo, mayi ake pambali pake. Mpaka ku Kokomo msewu unali wouma. Titangopitirira, kumwamba kunatsika. Sinowo ankabwera cham'mbali, mizere ya pamsewu inasowa, ndipo m'ngalande tinayamba kuona magalimoto atagona, ena mphuno pansi, ena akuyang'ana kwawo. Pamlatho wina ndinamva kumbuyo kwa wagoni kukufuna kundipitirira. Ndinachotsa phazi pa moto, osaponda buleki. Inagwedezeka kamodzi, matayala anagwirana, n'kuwongoka.

Kuchokera pamenepo ndinayenda pang'onopang'ono moti titapatukira m'kamsewu kena, ngolo ya hatchi ya anthu ena a chipembedzo chokana magalimoto inatipitirira. Hatchiyo inandiyang'ana. Mulungu ndi mboni.

"Tikafika mwanayu atayamba kukwawa," anatero mkazi wanga.

"Akwawe. Malo alimo."

Pa apatimenti yathu anali asanakokolole sinowo, anali wofika m'mawondo. Wagoni inalowa ngati ikuwoloka kamtsinje, mpaka pakhomo penipeni. Ndinazimitsa injini, koma zala zinakana kusiya chiwongolero, ndinachita kuzimasula chimodzichimodzi. Mkazi wanga anatsika yekha, pang'onopang'ono, dzanja lili pa bala la opaleshoni. Anaima m'sinowomo, anapuma, nayang'ana masitepe a kunyumba kwathu.

"Tengani mwana," anatero. "Ine nditsogole ndikatsegule. Mukaterereka naye, musalowe."